Amakanika a ku Biwi omwe amatsegula mabering'i a habu m'malo mongowataya

Ambirife omwe tinagula njinga za kaunjika zamagiya izi muno mu Lilongwe timauzidwa nkhani imodzimodzi tikapita nazo kwa okonza, akuti habu (chija cha pakati pa wilo) iyi ndi ya sealed, siifuna girisi, ikayamba kulira mungosintha mabering'i basi. Ena amafika pokuuza kuti ugule habu ina, amasule masipoko onse n'kulukanso wilo. Bodza limenelo anzanga. Mabering'i amenewa amatsegulika, amatsukika, amathiridwa girisi watsopano n'kubwerera pamsewu, bola akhale kuti sanadyeke mkati. Pali bambo ena ku Biwi omwe ntchito imeneyi amaidziwa, ndipo ndikufuna ndiwanene bwinobwino, zabwino zawo ndi zomwe sizinandisangalatse zomwe.

Malowo si shopu yoti mungaione muli mu minibasi ayi. Ndi kashedi ka malata kuseri kwa magalaja aja, komwe kumakhala owotcherera ndi ogulitsa masipeya a galimoto, pansi pali bii ndi oilo, benchi limodzi, vayisi, mawilo opachika pa misomali. Chikwangwani palibe. Makasitomala ambiri ndi anyamata a kabaza ndi amalonda a ku Mchesi ndi Kawale, koma ukayang'ana pakona uona njinga ziwiri zitatu za anthu opalasa zamasewera zikudikira, ndipo yemwe anandilozera kumeneko ndi m'modzi mwa opalasa Loweruka m'mawa aja.

Kwa omwe simunatsegulepo habu, nkhani yake ili chonchi. Njinga za kabaza zija, ngakhalenso mahabu ambiri a Shimano, mkati mwake mumakhala kapu, koni ndi timipira tachitsulo tongoikamo tokha. Kumbuyo nthawi zambiri timakhala 9 mbali iliyonse ta saizi ya 1/4 ya inchi, kutsogolo 10 ta 3/16. Umamasula ndi sipanala yopyapyala ija, kupukuta, kupaka girisi, kumanga koni mpaka wilo lisiye kugwedera, ndipo makanika aliyense wa pansi pa mtengo kuyambira Area 25 mpaka Chinsapo amaichita atatsinzina. Mtundu winawu, wa sealed uja, ndi wosiyana. Timipira timabwera titatsekeredwa kale pakati pa mphete ziwiri zachitsulo, yaikulu yakunja ndi yaing'ono yamkati, mbali zonse ziwiri kuli kamphira kotseka, ndiye chonsecho amachikanikizira mu habu. Palibe koni yoti umange. Ubwino wake ndi woti bering'i ikatha umachotsa yonse n'kuika ina habu n'kukhalanso yatsopano, pomwe ya kapu ija kapu ikakumbika ndiye kuti habu yapita. Koma kamphira kaja sikatseka mpaka kalekale, kamangokhudza mphete yamkati ndi mlomo wake wopyapyala, mlomowo umadyeka, fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limalowa pang'onopang'ono, kenako mvula ikagwa madzi amatsatira, mkati n'kukhala matope.

Yanga inayamba ndi wilo lakutsogolo, ukalinyamula n'kulizunguza utagwira ekiselo ndi zala umamva kukukuta, osati phokoso kwenikweni koma kanjenjenje kofika m'zala. Lakumbuyo linali ndi vuto lina, ukagwira rimu n'kukankhira uku ndi uku limati gwedegwede. Njira yomwe ndimapalasa kwambiri ndi ya ku Bunda ndi tinjira tafumbi ta mbali imeneyo, ndiye sizinandidabwitse.

Chomwe chinandigwira mtima poyamba n'choti madalawo sanathamangire hamala. Anachotsa mawilo onse awiri, kuchotsa tizitsekero ta m'mphepete mwa ekiselo, kenako n'kuika chala pa mphete yamkati ya bering'i iliyonse payokha n'kuizunguza pang'onopang'ono, maso ali kumbali, akungomvetsera ndi chala. Anatenga nthawi ndithu. Atatha anati, "Achimwene, zakutsogolo ziwirizi zangouma, tizitsuka. Kumbuyoku ya mbali ya magiya yafa, musataye ndalama ya girisi pamenepo." Ndinawafunsa kuti madala mwadziwa bwanji musanatsegule, iwo anandigwiritsa chala changa chomwe. Youma imazungulira mokukuta mofanana ponseponse. Yakufa imazungulira n'kumakodwa pamalo amodzimodzi, ti ti ti, chifukwa mu msewu wa timipira mwakumbika timaenje, ndipo ukaikankhira m'mbali mphete yamkati imasewera. Girisi sabweza chitsulo chomwe chadyeka. Anthu ambiri amaganiza kuti kugwedera kumatha ukathira girisi wambiri, inde kumabisala masiku ochepa, kenako kumabwereranso.

Zakutsogolo zija sanazitulutse mu habu, ndipo apa mpomwe ndinadziwira kuti munthuyu zinthu amazimvetsa. Potulutsa bering'i mu habu umamenya pa mphete yamkati chifukwa ndi yokhayo yomwe umaifikira kuchokera kuseri, ndiye mphamvu ya hamala imadutsa pa timipira n'kusiya timabala mu msewu wake. Bering'i yomwe yatulutsidwa ndi hamala n'kubwezeredwa imakhala yavulala kale ngakhale iwoneke bwino. Iwo amaitsukira momwemo.

Anatenga kalezala kothyola, n'kulowetsa kansonga kake m'mphepete mwakunja mwa kamphira, pomwe kamalowa mu kamzere ka mphete yaikulu, osati mkati komwe kuli mlomo uja. Kukweza pang'ono, kusuntha, kukwezanso, mpaka kamphira kanati tupu n'kutuluka kali kowongoka. Mkati mwa kamphirako mumakhala kachitsulo kopyapyala kwambiri, ukakapinda ndiye kuti sikadzatsekanso bwino, ndiye anakaika pa kagalasi kosweka ka windo komwe amasungira ntchito imeneyi, n'kukakanikiza ndi chala kuti aone ngati kagona fulati. Zomwe zinali mkati zinandimvetsa chisoni, girisi anali atauma gwa, wofiirira, ngati chiponde chokhalitsa pansi pa botolo, timipira tikungoyenda pouma. Anathira palafini ndi jakisoni wopanda singano, kukolopa ndi mswachi wakale, kuzunguza, kupendeketsa wilo kuti zakuda zitsike, kuthiranso, mpaka palafini anayamba kutuluka woyera mbee. Kenako anapopa mpweya ndi pampu ya njinga yomwe, n'kuika wilo padzuwa. Ndinafuna kuti tifulumire koma anakana, akuti palafini akatsalira mkati amasungunula girisi watsopano, ndiye sabata yomweyo girisi yense amakhala atachucha. Timipira titauma anatiyang'ana kamodzikamodzi akuzunguza, tonse tinali waliwali, opanda dzimbiri, kachitsulo kogwira timipira kaja kalinso bwinobwino.

Girisi amagwiritsa ntchito wa lithium wa m'chitini, wa nambala 2 uja wolembedwa NLGI 2, yemwe amaikanso m'mabering'i a mawilo a galimoto. Amamukanikiza ndi chala mpaka alowe kuseri kwa timipira, kuzunguza, kuwonjezera. Ku fakitale bering'i amaithira girisi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu basi, chifukwa amaipangira makina othamanga kwambiri omwe girisi akachuluka amatentha. Koma wilo la njinga, ngakhale ukuthamanga makilomita 30 pa ola kutsetsereka kwa msewu wa bypass, limangozungulira kokwana ngati 240 pa mphindi, ndiye za kutentha palibe. Iwo amadzaza kwambiri dala kuti madzi asowe pokhala. Atabwezera kamphira, n'kukanikiza ndi chikhadabo kuzungulira mpaka kalowe mu kamzere kake, girisi wina anatulukira m'mphepete, anapukuta n'kusiya pang'ono pamwamba pomwe pamakhala chitsekero. Wilo ukalizunguza m'manja silithamanga nthawi yaitali ngati poyamba, ndipo anandichenjezeratu kuti ndisadandaule, akuti wilo lomwe limazungulira osaima kwinaku likulira sii nthawi zambiri ndi louma, lagirisi limayenda phee n'kuima msanga. Pamsewu kulemera kumeneko sukumva n'komwe.

Kumbuyo ndiye kunali ntchito. Bering'i yakufa ija atachotsa kamphira munatuluka madzi a dzimbiri psuu. Anandifunsa kuti njingayi mumatsukitsa kuti, ndinati pena ku car wash ndikachoka kumatope. Akuti mipope yamphamvu ija ndi imene ikupha mahabu ambiri omwe amawalandira, madzi amakankha mlomo wa kamphira n'kulowa, potuluka n'kusowa njira. Chimodzimodzi omwe amapopera WD-40 pa habu kuti isiye kulira, imalowa n'kusungunula girisi yemwe anatsalamo. Ndowa, sopo ndi kansanza zakwana.

Mabering'i atsopano sasunga, ndipo ili ndi dandaulo langa loyamba. Amakuwerengera nambala ya pa kamphira n'kukutuma kuti ukasake wekha. Yanga yakufa ija inali 6902, yomwe ndi mamilimita 15 bowo lamkati, 28 kunja, 7 kunenepa kwake. Zakutsogolo zinali 6803, zomwe ndi 17, 26 ndi 5, ndipo mu fuliwilo momwe mumakhala magiya muli ziwiri za 6802, 15 kwa 24 kwa 5. Lembani manambala anu penapake anzanga, chifukwa kusaka kwake n'kowawa. Zonenepa zija monga 6000, 6200, 6201, 6202 zili mbwee m'mashopu a masipeya ku Old Town chifukwa zimalowa m'njinga zamoto, mafani ndi makina ena, koma zopyapyala za mahabu athuwa ukafunsa amangopukusa mutu. Chomwe chinandithandiza n'choti madalawo anandiuza kuti ndizitchulanso 61902, chifukwa makampani ena monga SKF amalemba choncho saizi yomweyo, 6802 n'kukhala 61802, 6803 n'kukhala 61803. Ndinakaipeza kwa ogulitsa mabering'i a makina, osati a njinga. Muonetsetsenso zilembo za kumapeto. 2RS ndiye kuti ili ndi mphira mbali zonse ziwiri, imeneyo ndiye yofunika. ZZ ndi yotseka ndi timalata, imasiya kampata, madzi amangolowa, ndi ya makina okhala m'nyumba osati njinga yodutsa m'zithaphwi za ku Area 23 mu Januwale. Wogulitsa wina anafuna kundipatsa ya ZZ akuti n'chimodzimodzi, saizi yokha ndi imene ili chimodzimodzi. Za kampani ya NTN mukaona LLU ndi zotseka molimba, LLB mphira wake sukhudza kwenikweni, zimayenda mopepuka koma kuno kwathu ndi fumbi lathuli bola LLU. Palinso mahabu ena omwe ali ndi saizi yachilendo monga 15267, ndiye kuti 15 kwa 26 kwa 7, imeneyo musaiyerekeze ndi 6902, siilowa.

Komanso samalani ndi zabodza. Bokosi likhoza kulembedwa SKF kapena NSK koma zamkati zili zina. Ikakhala yotchipa modabwitsa dziwani kuti pali nkhani. Madalawo anatsegula ngakhale yatsopano yomwe ndinabwera nayo, n'kundionetsa kuti girisi munali kadontho chabe, anawonjezera asanaiike. Zimenezi sindinaziganizirepo kuti munthu angachite pa chinthu chongotuluka m'pepala, koma n'zanzeru, chifukwa bering'i ikakhala panja timphira tonse tiwiri umatifikira mosavuta.

Ndinagula ziwiri ngakhale yakufa inali imodzi, pa malangizo awo omwe. Ekiselo ya habu yanga ili ndi timapewa mkati, ndiye potulutsa bering'i imodzi umamenya ekiselo yomwe, inzake nayo imamva nawo. Anati tisinthe zonse tigone tulo.

Poika zatsopano alibe makina okanikizira a m'mashopu a kunja aja, koma anadzipangira okha, chibawuti chachitali chamazinga kuyambira kumutu mpaka kumchira, mawashala akuluakulu, manati awiri ndi soketi yomwe mlomo wake ukufanana ndendende ndi mphete yakunja. Anapukuta bowo la habu, kupaka kagirisi pang'ono, kukhazika bering'i mowongoka, n'kumamanga nati pang'onopang'ono akuyang'ana mbali zonse kuti isalowe chopendama. Habu zimenezi ndi za aluminiyamu, bering'i ikalowa chopendama imakulitsa bowo ndiye ngakhale uike yatsopano izingogwedera. Mphamvu yonse imapita pa mphete yakunja, yamkati osaikhudza. Ndaonapo kwina akukhoma bering'i yatsopano ndi hamala pakati penipeni, mwini njinga ali chilili pompo osadziwa kuti chomwe wagula chafa chisanayende ndi mita imodzi yomwe. Apa zimenezo kulibe. Itafika pansi anazunguza ekiselo, inali yolimba pang'ono, anagogoda kumapeto kwa ekiselo mopepuka ndi chigwiriro cha mtengo n'kumasuka, akuti inali itapanikizika m'mbali.

Fuliwilo anaitsegulanso, timano ta mkatimo togwira anatipukuta n'kupaka girisi wochepetsetsa wosakaniza ndi kadontho ka oilo. Akuti ukadzaza girisi wolimba uja timano timamatirira, ukaponda pedulo pa chitunda n'kungopita mwaulere, bondo n'kumenya handulo. Ndi pokhapo pomwe anaumira girisi.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse. Kupatula kusasunga mabering'i, malowo ndi afumbi kwambiri, ndipo ntchito yotsegula bering'i imadana ndi fumbi. Pafupi pomwepo pali owotcherera omwe amagaya zitsulo, mphepo ikaomba tizitsulo timauluka, ndipo chitini cha girisi chinakhala chosatseka nthawi yaitali mpaka ndinachita kuwapempha kuti madala tatsekani chitinicho. Anatseka, sanakwiye, koma munthu wosamala chonchi pa kamphira sakuyenera kuchita kukumbutsidwa zimenezo. Kansanza kopukutira nakonso kanali komwe apukutira tcheni cha njinga ina. Mukamapita tengani kansalu kanu koyera. Ngati njinga yanu ili ndi mabuleki a disiki muwauze achotse disiki kaye kapena aikute, chifukwa palafini ndi girisi zikagwera pamenepo mabuleki azingolira osagwira, kwa ine anakuta ndi pepala la pulasitiki nditanena.

Chinanso ndi nthawi. Ali okha ndi kamnyamata kamodzi kophunzira, ndipo wa kabaza akabwera ndi tayala lophulika amasiya zako n'kuthandiza iyeyo kaye. Ndikumvetsa, uja njinga ikaima ndiye kuti kunyumba sadya, koma iwe umangokhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka. Osapita uli ndi pulogalamu ina masana. Risiti kulibe, mtengo mumagwirizana pakamwa, ndiye gwirizanani ntchito isanayambe, wilo lililonse palokha. Amalandira ndalama pamanja kapena pa Airtel Money, Mpamba anati alibe.

Pa mtengo sindingadandaule. Kutsuka ndi kuthira girisi mabering'i awiri akutsogolo kunanditengera ndalama yosafika pa mtengo wa bering'i imodzi yatsopano yomwe ndinagula. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja chinakwera, masipeya a njinga zamagiya ndiye osanena, ndiye munthu yemwe akutha kupulumutsa mabering'i awiri mwa anayi m'malo mokutuma kukagula onse ndi wofunika kumusunga. Akanatha kundiuza kuti onse afa, ine sindikanatsutsa. Akanathanso kungothira girisi mu yakufa ija n'kulandira ndalama ine n'kudzabweranso mwezi wamawa. Sanachite zonsezo.

Chichokereni kumeneko njinga ikuyenda phee, kanjenjenje ka m'mahandulo kanatha, kumbuyo ukagwedeza rimu palibe chosuntha, ndipo yadutsa kale m'mvula ndi m'matope a njira ya ku Likuni osasintha. Anandiuza kuti ndizibwera nayo mvula ikamatha cha mu Epulo, kuti madzi omwe alowa asagonemo nyengo yonse yozizira, komanso fumbi likatha mvula isanayambe ngati ndapalasa kwambiri. Koma anawonjezera kuti kamphira sikatsegulidwa kambirimbiri, ulendo uliwonse kamatopa, ndiye ngati wilo likuyenda bwino m'zala musalivute.

Amene muli ndi njinga za kabaza kapena mahabu a Shimano a makoni, simukufunika kuchoka ku Area 49 kapena Kanengo kupita ku Biwi chifukwa cha habu, makanika wa kwanuko akwanitsa. Koma ngati pa habu yanu mukachotsa chitsekero mukuona kamphira kakuda, kofiira kapena kabuluu kolembedwa nambala, musalole munthu aliyense ayandikize hamala asanazunguze ndi chala n'kukuuzani yomwe yafa ndi yomwe yangouma. Pitani m'mawa, mutenge kansalu, ndipo ngati wilo likugwedera kale yambani mwasaka bering'i musanapite kuti njinga isagone kumeneko.

Za mu fuliwilo zija, imodzi yakunja anaitsuka n'kuthira girisi, yamkati sanaifikire osaitulutsa ndiye tinaisiya, akuti ikhoza kudutsa dzinja lino. 6802 muno sindinaipeze, ndayamba kale kufunsa kwa omwe amapita ku Johannesburg kuti adzanditengere ziwiri za 2RS.